Akuluakulu Asanu ndi Awiri a Kumpoto

Bambo anga anali telala. Makina awo a Singer ankakhala pakhonde la sitolo ya mmwenye pa Chipoka, kufupi ndi siteshoni ya sitima yapamtunda, ndipo ine ndinakulira m'munsi mwa makinawo, kutola tizidutswa ta nsalu ndi kuwalowetsera ulusi pasingano. Amene anakula m'zaka za m'ma 1970 akukumbukira mmene zinkayendera. Munthu ankagula khaki kapena biriwita m'kati, n'kutuluka nayo pakhonde, telala n'kumuyesa pomwepo. Mwini sitolo sankawalipiritsa kalikonse bambo pa khondelo popeza iwo ndiwo ankamukokera ogula.

M'banjamo munali mkulu wina, bambo wake wa mwini sitoloyo, amene anali atatula kale malonda m'manja mwa mwana wake. Anali wowonda, wovala nsalu yoyera yokulunga m'chiuno, ndipo sankadya nyama, mazira kapena nsomba. Tangoganizani, munthu kukhala pa Chipoka zaka makumi atatu osalawako chambo! Amayi ogulitsa usipa pasiteshoni ankamumvera chisoni ngati wodwala. Amwenye ambiri amene tinkawadziwa anali Asilamu monga anansi athu Achiyao, koma banja ili linali la Chihindu. M'mawa uliwonse fungo la lubani linkatuluka pawindo lakuseri, kabelu kakulira.

Usiku wina kumayambiriro kwa Meyi 1975 bambo anachedwa kuweruka chifukwa amayi ankafuna zovala zawo lisanafike tsiku la Kamuzu pa 14. Ine ndinkawagwirira nyali. Mkulu uja anatuluka n'kuima pabwalo, maso ali kumwamba. Anatiuza m'Chinyanja chake chopotoka kuti wamva pawailesi zoti dziko lakwawo latumiza makina m'mlengalenga, ndipo awatcha dzina la munthu wanzeru amene anamwalira kalekale. Zinali zoona. Pa 19 Epulo 1975 dziko la India linatumiza setilaiti yake yoyamba yotchedwa Aryabhata, itanyamulidwa ndi roketi ya dziko la Soviet Union. Setilaitiyo sitinaione. Mkuluyo anangoloza ndi ndodo yake kumpoto, m'munsi ndithu, pamene panali nyenyezi zisanu ndi ziwiri zondandalikana ngati chikho chotungira madzi chimene wina wachivundikira.

"Telala, waona zija? Ndi madala seveni. Mawu oyamba anamva ndi iwo."

Bambo anaseka n'kunena kuti kwathuno timadziwa nthanda ndi mlalang'amba, za madala okhala kumwamba n'zachilendo. Mkuluyo anandiuza kuti ndiyang'anitsitse nyenyezi yachiwiri kuchokera kunsonga ya mpini wa chikhocho. Pambali pake panali kanyenyezi kena kozilala, koti wamaso ofooka sangakaone. Yaikuluyo anati ndi Vasishtha, kakang'onoko ndi mkazi wake Arundhati, ndipo kwawo anthu akakwatirana amatuluka panja kukaonetsana kanyenyeziko. Dzina limene ndinaligwira usiku umenewo ndi limenelo basi. Ena asanu ndi mmodzi ndinadzawapeza m'mabuku ndili kale mphunzitsi: Kratu, Pulaha, Pulastya, Atri, Angiras ndi Marichi. Onse pamodzi amatchedwa Saptarishi, kutanthauza ma rishi asanu ndi awiri.

Mwina owerenga achinyamata akudabwa kuti Mhindu ankatani pa Chipoka. Yankho lake ndi njanji. M'chaka cha 1891 Harry Johnston anabweretsa kuno asilikali Achisikh ochokera ku India, ndipo m'zaka zomwezo amalonda a ku Gujarat anayamba kukwera ndi mtsinje wa Zambezi ndi Shire, kudzera ku Chinde ndi ku Chiromo. Njanji inafika ku Blantyre mu 1908. Mu 1935 mlatho waukulu wa pa Zambezi unatsegulidwa ndipo njanji inatambasuka mpaka ku Salima. Pa Chipoka ndi pamene njanjiyo inakumana ndi nyanja, katundu n'kumatsika m'sitima yapamtunda kulowa m'sitima yapamadzi. Pokumana njira ziwiri pamakhala ndalama, ndipo pali ndalama mmwenye sankachedwa kuika sikelo ndi mikwamba ya nsalu.

Komabe katundu wa ku India anayamba kufika m'dera lino njanji kulibe. Kummwera kwa Chipoka, kufupi ndi Mtakataka, kuli Mankhamba, likulu lakale la mafumu a Kalonga. Katswiri wofukula zam'mabwinja Yusuf Juwayeyi anakumba pamalopo n'kupeza mikanda yagalasi yochokera kutsidya kwa nyanja yamchere, pamodzi ndi mapale a mbale za ku China. Yambiri mwa mikanda ya mtundu umenewo akatswiri amati inkapangidwa ku India. Makolo athu anavala za Amwenye zaka mazana angapo asanaone nkhope ya mmwenye. Nsalu ndi mikanda zinafika, koma nkhani za anthu awo anzeru sizinafike, poti izo sizilongedwa m'mtolo. Ine ndinazitola pakhonde, mwangozi.

Rishi ndi munthu amene Ahindu amakhulupirira kuti anamva nyimbo zopatulika zimene zinalipo kale, iye n'kuzipatsira kwa anthu. N'chifukwa chake mabuku awo akale kwambiri, a Veda, amawatcha shruti, ndiye kuti chomvedwa. Lakale koposa onse ndi Rigveda, limene lili ndi nyimbo 1,028 zogawidwa m'zigawo 10, ndipo akatswiri ambiri amati zinapekedwa pakati pa zaka za 1500 ndi 1200 Khristu asanabadwe, m'chiyankhulo cha Sanskrit. Zigawo zisanu ndi chimodzi zapakati ndi za mabanja. Chachitatu ndi cha banja la Vishvamitra, chachisanu cha Atri, chachisanu ndi chiwiri cha Vasishtha uja wa pampini wa chikho. Mpaka lero Mhindu amakhala ndi gotra, dzina la rishi amene banja lake limati ndiye kholo, ndipo mwamwambo anthu a gotra imodzi sakwatirana. Mchewa amene amadziwa kuti Phiri ndi Banda ndi chiyani savutika kumva zimenezi.

Chimene chimandisowetsa mtendere ine monga mphunzitsi wopuma ndi chakuti nyimbo zonsezi zinasungidwa pamtima kwa zaka mazanamazana popanda kulembedwa, ndipo sizinasinthe. Njira yake inali yochenjera kwabasi. Mwana ankayamba kuloweza mzere mmene uliri. Kenako ankaulowezanso liwu lililonse palokha. Akatero ankayamba kumanga mawuwo awiriawiri. Tiyerekeze kuti mzerewo ndi wakuti "mwana wapita kunyanja lero". Iye ankanena kuti: mwana wapita, wapita kunyanja, kunyanja lero. Njira imeneyi amaitcha krama. Ina yotchedwa jata inkaluka mawuwo chamtsogolo ndi chambuyo: mwana wapita, wapita mwana, mwana wapita, wapita kunyanja, kunyanja wapita, wapita kunyanja. Palinso ina yovuta kuposa pamenepa yotchedwa ghana. Msodzi aliyense wa pa Chipoka akhoza kuona nzeru yake. Liwu lililonse lamangidwa kwa mnzake wakutsogolo ndi wakumbuyo ngati maso a chilimira, kotero kuti diso limodzi likaduka wosoka ukonde amaona msanga pamene paboka. Ngakhale kukwera ndi kutsika kwa mawu ankakuloweza, mphunzitsi akuyendetsa mutu kapena dzanja la mwanayo. Mwamwambo maphunzirowa ankatenga zaka 12.

Ndinayesapo njira ya krama ndi ana a Sitandade 6 powaphunzitsa miyambi. Anaseka mpaka kugwetsa misozi, mphunzitsi wamkulu n'kudzasuzumira pawindo kuti kwagwanji. Patapita miyezi iwiri ndinawafunsanso miyambiyo, ndipo sanaphonye liwu.

Bungwe la UNESCO linalengeza mu 2003 kuti kayimbidwe ka Veda ndi chuma cha anthu a dziko lonse lapansi. Mu 2005 linalengezanso chimodzimodzi za Gule Wamkulu. Ziwirizi zili m'kaundula mmodzi koma kasungidwe kake n'kosiyana. Gule amasunga mbiri pomeza zatsopano. Atabwera Azungu ndi mishoni, kubwalo kunatulukira Simoni wofiira nkhope ndi Maliya, ndipo amene anapita ku Mua, kumene Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a Kungoni mu 1976, anaona mmene mbiri ya dziko lino yalembedwera pankhope za zilombo. Veda amasunga pokana kusintha ngakhale kamvekedwe ka lembo limodzi. Sindikufuna kuti gule wathu aumitsidwe ngati nsomba yapathandala. Chimene ndimawasirira Ahindu ndi mayina. Iwo ali ndi mindandanda yakale yotchedwa Anukramani imene imatchula, pa nyimbo iliyonse ya mu Rigveda, rishi wake, mulungu amene ikumutamanda ndi kayendedwe ka mizere yake. Ife timangoti "akuluakulu anati". Akuluakulu ake ati? Munthu woyamba kunena kuti mutu umodzi susenza denga anali ndi dzina, anali ndi mudzi, mwina anali mayi. Samuel Josia Ntara atayendayenda kufunsa nkhalamba n'kulemba Mbiri ya Achewa, anapulumutsa mayina a mafumu ndi nkhondo zawo. A anthu oganiza anali atapita kale ndi mphepo.

Mwa nkhani zonse za mkulu uja, imene inakondweretsa anthu a pakhonde ndi ya Vyasa. Mayi wake Satyavati analeredwa ndi mfumu ya asodzi, ndipo ntchito yake inali kuwolotsa anthu pabwato pamtsinje wa Yamuna. Akuti thupi lake linkanunkha nsomba. Tsiku lina anawolotsa rishi wotchedwa Parashara, ndipo mwana amene anabadwa pa kukumana kwawo anabadwira pachilumba. Anali wakuda khungu, choncho anamutcha Krishna Dvaipayana, wakuda wa pachilumba. Pofika apa mkuluyo ankaloza cha ku zilumba za Maleri, asodzi amene ankadikira zigamba zawo n'kumaombera m'manja kuti ameneyo ndi mnzawo. Dzina loti Vyasa limatanthauza wolongosola, popeza akuti ndiye anagawa Veda m'magawo anayi. Amatinso ndiye anapeka Mahabharata, ndakatulo ya mavesi pafupifupi 100,000 yosimba za nkhondo ya pachibale, ndipo mlembi wake anali Ganesha, mulungu wamutu wanjovu. Ofufuza a masiku ano amati ndakatuloyi inakula pang'onopang'ono m'manja mwa alakatuli ambiri pa zaka pafupifupi 800. Akatswiri a mumzinda wa Pune anagwira ntchito kuyambira 1919 mpaka 1966 kuyerekeza zolembedwa pamanja zochokera m'zigawo zonse za India kuti apeze thunthu la nkhaniyo. Zaka 47 pa buku limodzi, pamene ife olemba a kuno timadandaula buku likakhala miyezi isanu ndi umodzi kwa osindikiza.

Pakhonde paja panali msomali, ndipo pamsomalipo pankapachikidwa kapu yachitini. Imeneyo inali ya bambo, ya mlonda ndi ya mnyamata wonyamula katundu. Tiyi ankachokera m'nyumba, wokoma, wa tsabola ndi jinja, koma ankathiridwa m'kapumo ketulo ili m'mwamba kuti isakhudze. Zaka zonse zimene bambo anasoka pamenepo sanalowepo kukhitchini kwa banjalo. Tsiku limene anamva za Vyasa anaimitsa makina n'kufunsa akumwetulira kuti, "Nanga madala, ngati mkulu wa nzeru zanu zonse anabadwa kwa mwana wa msodzi, wakuda ngati ine, bwanji kapu yanga ili pamsomali?"

Mkuluyo sanayankhe. Analowa m'nyumba, ndipo bambo anada nkhawa kuti mwina khonde lawathera. M'mawa mwake anatuluka n'kukhala pampando wake, n'kuyamba nkhani ina ya mu Mahabharata momwemo. Panali mnyamata wotchedwa Ekalavya, mwana wa anthu akutchire, amene anapita kwa mphunzitsi wamkulu wa uta Drona kuti amuphunzitse. Drona anamukana chifukwa cha mtundu wake. Mnyamatayo anaumba chifanizo cha Drona ndi dothi, n'kumadziphunzitsa yekha pamaso pa chifanizocho mpaka anaposa Arjuna, mwana wa mfumu amene Drona ankamukonda. Drona atamva anabwera kudzaitanitsa malipiro a uphunzitsi, ndipo anapempha chala chachikulu cha kudzanja lamanja. Ekalavya anachidula n'kumupatsa. Mkuluyo anathera pomwepo osawonjezera kalikonse. Bambo anayang'ana chala chawo chimene chinkakankha nsalu pansi pa singano, n'kupondanso makina. Kapu inakhalabe pamsomali.

Kaya kunali kupepesa, kaya kunali kutiuza kuti dziko linapangidwa choncho, bambo ndi ine tinkatsutsana mpaka iwo kumwalira. Chimene ndinadzaona m'mabuku n'chakuti nzeru zimenezi zinali ndi mpanda. Buku la malamulo la Manusmriti, la zaka pafupifupi 2,000 zapitazo, limagawa anthu m'magulu anayi: ansembe, ankhondo, amalonda ndi otumikira, ndipo kunja kwa magulu onsewa kunali anthu osayenera ngakhale kukhudzidwa. Buku lina la malamulo limafika polamula kuti wa gulu lotumikira akamvetsera dala Veda amuthire chitsulo chosungunula m'makutu. Njira yokongola ija yosungira mawu inkagwiranso ntchito yotsekera anthu ena kunja. Amwenye eniake ndiwo anayamba kulimbana nazo. Pa 25 Disembala 1927, m'tauni ya Mahad, B. R. Ambedkar ndi omutsatira anatentha Manusmriti pagulu. Munthu yemweyo, wobadwira m'gulu la osakhudzidwa, anadzatsogolera komiti yolemba malamulo aakulu a dziko la India, amene anayamba kugwira ntchito mu 1950 ndipo anathetsa mwalamulo mchitidwe wosala anthuwo. Ife a m'mbali mwa nyanja tisafulumire kuloza chala. Agogo athu ankadziwa bwino lomwe kuti m'mudzi uno mfulu ndani, mdzukulu wa kapolo ndani, ndipo doko la Jumbe ku Nkhotakota si kutali ndi kuno.

Mpandawo unali ndi mipata yake. Buku la Brihadaranyaka Upanishad limasimba za mtsutso umene unachitika kubwalo la mfumu Janaka, mphoto yake ng'ombe 1,000 zomangiriridwa golide kunyanga. Rishi Yajnavalkya anauza wophunzira wake kuti akuse ng'ombezo mtsutso usanayambe n'komwe. Mwa amene anaimirira kumupanikiza munali mayi, Gargi, amene anamufunsa kuti dziko lalukidwa pa chiyani, nanga chimenecho chalukidwa pa chiyani, osaleka mpaka bamboyo anamuopseza kuti akapitiriza mutu wake ugwa. Gargi anakhala chete, koma pambuyo pake anaimiriranso ndi mafunso ena awiri. Ndikawerenga zimenezi ndimakumbukira ntchembere za kwathu pamlandu wa chikwati.

Chimene chinandipindulira msanga pa zonsezi ndi masamu. Ndalama ya kwacha ndi tambala inali itangolowa mu 1971, ndipo bambo ankawerengerabe m'mashiling'i, ine n'kumasokonezeka. Mkulu uja ankasunga buku la ngongole lachikuto chofiira. Chaka chilichonse pa chikondwerero cha Diwali, nyali zitayatsidwa pakhonde ponse, ankatsegula buku latsopano n'kulipempherera. Manambala a m'bukumo anali a Chigujarati, opindika mwachilendo, koma ziro anali yemweyu wathuyu. Anandiuza kuti kabowo kameneka n'kakwawo. Ndinkayesa akudzitama, poti kusukulu ankatiuza kuti manambala ndi a Aluya. Zoona zake n'zakuti Aluya anawatenga ku India. Al-Khwarizmi analemba za kawerengedwe ka Amwenye ku Baghdad cha m'ma 825, ndipo Fibonacci wa ku Italy anakafalitsa ku Ulaya ndi buku lake la mu 1202. M'chaka cha 628 Brahmagupta, wa ku Bhinmal kufupi ndi Gujarat, anali atalemba kale malamulo a ziro ngati nambala payokha. Manambala oposa ziro ankawatcha chuma, ochepera ziro ankawatcha ngongole. Ngongole ukaichotsera ziro ikhalabe ngongole. Ziro ukamuchotsera chuma chitsala ndi ngongole. Mwana wa telala amene dzina la bambo wake linali m'buku lofiira sanafunike kumubwerezera kawiri. Brahmagupta anaphonya pamodzi, ponena kuti ziro kugawa ndi ziro yankho ndi ziro, ndipo ine zimandilimbitsa mtima kuti nayenso ankalakwa samu.

Aryabhata uja wa setilaiti anabadwa mu 476 ndipo analemba buku lake mu 499, ali ndi zaka 23. Iye ananena kuti dziko ndilo limazungulira, nyenyezi zili phee, ndipo anapereka chitsanzo cha munthu wa m'bwato amene amaona ngati zinthu zakumtunda zikuyenda chambuyo. Ulendo wanga woyamba pa Ilala, ikuchoka padoko la Chipoka, ndinaimirira m'mbali n'kumaona mitengo ndi mapiri a ku Dedza zikutsetsereka, ndipo ndinamvetsa zimene buku la sayansi la kusukulu linalephera kundimvetsetsa. Anafotokozanso kuti kadamsana ndi mthunzi chabe, pa nthawi imene anthu akwawo ankati chilombo chameza mwezi.

Kuyambira mu 1970 boma la Kamuzu Banda linayamba kuchotsa Amwenye m'malo amalonda akumidzi kuti malondawo akhale m'manja mwa Amalawi, ndipo pofika 1978 ankaloledwa m'mizinda inayi yokha: Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu. Ambiri anapitirira mpaka ku Britain, makamaka mumzinda wa Leicester. Pamsonkhano wachipani pamene nkhaniyi inalengezedwa bambo anaomba nawo m'manja, ndipo sikuti ankangoopa ayufi. Kapu ija ankaikumbukira. Mwini sitolo anatolera ngongole zake mpaka tambala yomaliza. Bambo anagulitsa mbuzi ziwiri, ndipo atalipira anaonetsedwa tsamba lawo m'buku lofiira lija, pansi pake palembedwa ziro. Ankakonda kunena kuti pa zonse zimene Amwenye analemba, chokongola koposa chimene iwo anaona ndi chimenecho. Banjalo linakwera sitima ya ku Limbe m'mawa, mkulu uja atakhala pawindo, atafunda bulangete. Amene anatenga sitoloyo anayesetsa, akumakapikula ku Chipiku, koma nsalu inasowa m'mashelefu pasanathe zaka ziwiri. Telala wopanda nsalu ndi mlimi wopanda mvula. Makina a Singer anabwerera kunyumba pamutu pa amayi.

Rishi amene anandigwira mtima kwambiri ndinakumana naye ndili wamkulu, m'laibulale, nditayamba kale kuphunzitsa Chichewa. Ndi Panini, wa ku Shalatura, dera limene lero lili m'dziko la Pakistan, amene anakhalako cha m'zaka za m'ma 400 kapena 300 Khristu asanabadwe. Buku lake la Ashtadhyayi lili ndi mitu isanu ndi itatu ndi malamulo afupiafupi pafupifupi 4,000, ndipo pambali pake pali mndandanda wa masinde a aneni pafupifupi 2,000. Ukatenga tsinde n'kulidutsitsa m'malamulowo motsatana, liwu lolondola la Sanskrit limatuluka lokha, monga ufa umatulukira pachigayo. Malamulowo ndi afupi dala kuti mwana awaloweze pamtima. Anthu akadalimbanabe nalo bukuli: mu 2022 wophunzira wina wa ku Cambridge, Rishi Rajpopat, anatchuka m'manyuzipepala chifukwa cha kamasuliridwe katsopano ka lamulo limodzi lokha la Panini, lonena zochita malamulo awiri akawombana.

Akatswiri a mawu a ku India anasanjanso malembo awo motsata malo amene liwu limatulukira m'kamwa, kuyambira kummero mpaka kumilomo, ndipo anasiyanitsa k ndi kh, p ndi ph, t ndi th. Nditawerenga zimenezi ndinakumbukira kuti mkulu wa pakhonde uja, ngakhale ankaphwanya agwirizanitsi mochititsa manyazi, sankasokoneza kola ndi khola kapena pala ndi phala monga ankachitira Azungu. Chiyankhulo chake chinali ndi kusiyana komweko. Palinso ulusi wina umene umatilumikiza. Mu 1786 William Jones ananena ku Calcutta kuti Sanskrit, Chigiriki ndi Chilatini n'zapachibale. Azungu ataphunzira Sanskrit kudzera m'galamala za Amwenye anayambitsa luso loyerekeza ziyankhulo, ndipo Wilhelm Bleek anabwera nalo kummwera kwa Africa n'kutcha ziyankhulo zathu dzina loti Bantu. Ndikamalemba pabolodi magulu a mayina, Mu-A, Mu-Mi, Chi-Zi, Ka-Ti, ndinkagwira nsonga ya chingwe chimene mbali ina chinadzera ku India.

Panini analemba malamulo a Sanskrit m'Sanskrit. Apa ndi pamene pamandiwawa. Dikishonale yaikulu ya David Clement Scott ya mu 1892 inamasulira Chimang'anja m'Chingerezi. Chichewa chinakhala chiyankhulo cha fuko mu 1968, bungwe la Chichewa Board linakhazikitsidwa mu 1972, la Centre for Language Studies linalowa m'malo mwake mu 1996, ndipo Mtanthauziramawu wa Chinyanja anatuluka mu 2000. Tiwathokoze, pamodzi ndi a Nankwenya ndi anzawo amene anatilembera galamala ya kusukulu m'chiyankhulo chathu. Koma wofuna kuzama pa kapangidwe ka chiganizo cha Chichewa ayenera kutsegula buku la Sam Mchombo la mu 2004, losindikizidwa ku Cambridge, m'Chingerezi. Ndipo mu 2014 boma linalengeza kuti ana aziphunzira m'Chingerezi kuyambira Sitandade 1. Ndinamva nkhaniyo pawailesi ndili pakhonde langa pa Chipoka, n'kuganiza za mwana wa msodzi wa zaka zisanu ndi chimodzi amene amadziwa mayina a mphepo zonse za panyanja, mwera, mpoto ndi vuma, akuuzidwa kuti nzeru zimayambira pa chiyankhulo chimene mayi wake sachimva.

Sitolo ija ilipobe koma denga linagwa, ndipo pakhonde pamene pankakhala makina a bambo pamagona mbuzi. Ahindu amene anatsala m'dziko muno ali ndi akachisi awo ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Ndinadutsapo kangapo pa kachisi wa ku Blantyre, nsapato zitandandalikana pakhomo, koma sindinalimbe mtima kulowa.

Mwezi wa Meyi wapitawu ndinatenga mdzukulu wanga wamkazi kupita naye kumchenga madzulo, kutali ndi magetsi a padoko. Mwera unali utayamba, asodzi akukonza nyali zawo. Chikho chija chinali pomwe ndinachisiya, chovundikira, kumpoto. Ndinamuuza kuti awerenge kuchokera kunsonga ya mpini n'kuima pa nyenyezi yachiwiri.

"Agogo, pali kena kakang'ono pambali pake!"

Ine ndinatong'ola maso, kupukuta, kutong'olanso, koma ndinangoona nyenyezi imodzi yothimbirira. Mabuku akale a zamankhwala a ku India amati munthu amene waleka kuona Arundhati masiku ake atsala pang'ono. Zimenezi sindinamuuze mwanayo. Lolemba lotsatira ndinakwera minibasi ya ku Salima kukayezetsa maso.